Mwana wa Gulugufe M'mudzi wa Nyerere

Kumpoto uko, pamwamba pa mapiri a Nyika, kumene udzu umangoyalana osaoneka polekezera, kunali mudzi wa nyerere pansi pa mwala waukulu wophwatalala. M'mudzimo munali nkhalamba ina dzina lake Nyangaimodzi, yodziwika ndi kudandaula. Munalinso Chinyambita, amene ankaganiza ndi lilime, komanso Mayi Wamkulu, amene anabereka mudzi wonsewo ndipo ankakonda kuyamikiridwa kuposa kudya. Pafupi ndi mwalawo pankauluka Gulugufe wamng'ono wa mapiko abuluu, wokongola, wopanda nyumba, wosafunanso kumanga.

Vuto la Gulugufe linali ili. Mtundu wake umatuluka moto ukangodutsa m'mapiri, pamene kachitsamba kena konunkhira ngati mpungabwi kaphukitsa timaluwa pa lupsa. Pa timaluwa timeneto ndi pamene amaikira mazira, koma timaluwato sitikhalitsa, masabata ochepa tafota. Ndiye mwana adzadya chiyani dzinja lonse, nanga adzabisala pati chisanu cha mu Juni chikadzayamba kuyeretsa udzu?

Tsiku lina m'mawa Gulugufe anatera pamwala paja n'kupeza Nyangaimodzi akukokera nyansi kudzala.

"Moni madala. Ndamva kuti kwanu kuno n'kofunda. Simungandisungireko mwana?"

"Bambo wake ali kuti?" anafunsa Nyangaimodzi.

"Ali pansonga ya phiri apo, akuthamangitsana ndi anzawo."

"Akulimbirana chiyani?"

"Palibe. Ndi ntchito ya amuna akwathu imeneyo. Dzuwa likatentha amakhala pansongapo, wina akabwera amuthamangitse, winayo abwerere adzawathamangitsenso. Pofika madzulo amakhala atatopa kwambiri."

Nyangaimodzi anatula katundu wake. "Nanga inuyo mayi, chikukuletsani kulera n'chiyani?"

"Ine? Mwawaona mapikowa? Awa si olerera mwana. Kwathu timabereka n'kumapita."

"Ndiye pitani naye. Kuno tili ndi athu."

Gulugufe anaseka, n'kutambasula mapiko kuti dzuwa liwaombe bwino. "Ndimangopempha kuti ndioneke waulemu, madala, osati kuti ndasowa njira. Mwanayo mudzamunyamula nokha, ndipo mudzachita kumulimbirana." Atatero anaulukira pa duwa lomwe linali m'mbali mwa njira ya nyerere, anasiyapo dzira limodzi, osacheukanso.

Tsono muyenera kudziwa mwambo wa nyerere. Nyerere sizizindikirana ndi maso, chifukwa kwawo ndi mumdima; zimazindikirana ndi fungo, ndipo zimanunkhiza ndi tinyanga tiwiri ta pamutu. Aliyense wolowa pakhomo amamugunda ndi tinyangato. Akamveka fungo la mudzi ndi mbale, akamveka fungo lina ndi ndiwo. Lamulo la makolo linali limodzi lomwelo, ndipo panalibe amene analifunsapo mafunso.

Kale mkulu wa alonda anali Nyangaimodzi yemweyo. Chaka chimene linthumbu linabwera kudzalanda makanda, iye anaima pakhomo yekha anzake akufunafuna kobisala, ndipo anachoka pankhondopo nyanga imodzi itaduka. Mudzi unamuimbira nyimbo masiku awiri. Tsiku lachitatu anamuuza kuti mlonda wa nyanga imodzi amamva theka la fungo, choncho anamupatsa ntchito yosesa m'chipinda cha makanda ndi kutaya nyansi. Pakhomo anaikapo achinyamata a tinyanga tatitali tonyezimira, amene nkhondo ankangoimva m'nkhani.

Popeza fungo ankalimva mwapatalipatali, Nyangaimodzi anaphunzira kuyang'anitsitsa ndi kukhudza chinthu asanachikhulupirire. M'mudzi wa nyerere khalidwe limeneli ankalitcha misala.

Dzira lija linaswa, ndipo munatuluka Mbozi, kamwana kofiirira, kophwatalala. Mayi ake anali atafa kale, mapiko okongola aja atapita ndi mphepo. Mbozi anaboola duwa n'kumadya njere zanthete za m'kati mwake, anafundula khungu kangapo, mpaka duwalo linauma. Pamenepo sanalire njala ngati ana a anthu ena. Anadzigwetsa pansi, anakwawira panjira ya nyerere, n'kugubuduka m'fumbi limene nyererezo zinkapondamo tsiku ndi tsiku mpaka fungo lawo linamulowerera. Kenako anadzipinda n'kugona pakati pa njira ngati mwana wotayika.

Woyamba kumupeza anali Chinyambita, amene anatuluka kukasaka chakudya cha mudzi koma n'kumachilawa chonse panjira.

"Iwe, ndiwe wa kwa yani?"

"Ndine wamasiye, amalume," anayankha Mbozi ndi kamawu konjenjemera. Nthawi yomweyo pamsana pake panatuluka kadontho kowala ngati mame.

Chinyambita ananyambita kadonthoko n'kuima chilili. Kanali kotsekemera kuposa chilichonse chimene anabapo m'moyo wake.

"Mwanawe, uchi umenewu uli nawo wambiri?"

"Ndikakhuta komanso ndikafundidwa umatuluka wokha, amalume."

"Ndiye ukugoneranji panja? Ndiwe mwana wa mlongo wanga iwe, ndakuzindikira mphumi!"

Mbozi analibe mphumi, ndipo Chinyambita analibe mlongo wotaya mwana. Koma chibale chikayambira pa lilime sichichedwa kukula. Anamunyamula n'kuthamanga naye kumudzi, akukalipira aliyense wofuna kumuthandiza.

Pakhomo alonda anamugunda Mbozi ndi tinyanga, kumutu, pamimba ndi kumchira. "Ndi wathu," anatero mkulu wa alonda. Koma Nyangaimodzi, amene ankachokera kudzala, anawaimitsa.

"Taimani kaye. Khanda la nyerere linayamba liti kumera miyendo? Lathu ndi loyera, lilibe miyendo, limangogona pamene waligoneka. Ichi n'chofiira, chikuyenda chokha, ndiponso chikundiyang'ana."

"Madala, mwanunkhiza?"

"Ndaona."

Alonda anaseka mpaka kugwirana. "Akuti aona! Za maso n'za mbalame zimenezo, madala. Ife ntchitoyi tinaiphunzira, ndipo tinyanga tili nato tonse tiwiri."

"Mayi wake ndinayankhula naye pamwala pomwe pano. Ndi mwana wa Gulugufe ameneyu."

"Wa Gulugufe? Nanga mapiko ake mwamubisira kuti? Katayeni nyansi, akulu, zikuwola."

Nkhani inafika kwa Mayi Wamkulu, amene ankakhala m'chipinda chapansi penipeni, atanenepa moti sankathanso kutembenuka yekha. Analawa kadontho kamodzi. Mbozi anagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndayenda padziko, koma wokongola ngati inu sindinamuonepo." Dziko limene anayendalo linali duwa limodzi ndi fumbi la panjira, koma Mayi Wamkulu anakondwa. "Mwanayu ndi wa makhalidwe. Akagone ndi abale ake."

Choncho anamugoneka m'chipinda cha makanda. Makandawo anali mulu waukulu, oyera ngati mpunga wa ku Karonga. Alezi ankawasambitsa ndi malilime, dzuwa likatenthetsa mwala ankawakwezera m'chipinda chapamwamba kuti awothe, kukazizira n'kuwatsitsanso. Amenewo ndiwo anali moyo wa mudzi, chifukwa nyerere yantchito siikhalitsa, ndipo ikafa pamafunika wina wolowa m'malo mwake.

Mvula inayamba, ndipo m'mudzi munabadwa mwambo watsopano. Tsiku lililonse nyerere zinkandandalika kumbuyo kwa Mbozi, aliyense kudikira kadontho kake. Chinyambita, monga malume wake, ndiye ankayang'anira mzerewo, ndipo ankalawa kadontho kalikonse poyamba kuti aone ngati kali bwino. Osaka chakudya ankabwerera msanga, alezi ankasiya makanda osasamba, ngakhale alonda ankasinthana pakhomo kuti akanyambiteko.

Nyangaimodzi yekha sanaime pamzerepo. Iye ankasesa, ndipo posesapo anayamba kupeza timakungu toyera, tophwa, topanda kanthu m'kati. Lero kamodzi, mawa tiwiri. Chipinda chimene kale ankasowa popondamo chinayamba kukhala ndi malo oyendamo.

Tsiku lina masana, mzere uli wautali, iye anazungulira n'kupita kutsogolo kwa Mbozi. Kumeneko kunalibe aliyense, chifukwa uchi unkatulukira kumbuyo, ndipo panalibe amene anaganizapo zokaona chimene mutu unkachita. Mbozi ankabisa kamutu kake pansi pa khungu lokhuthala la m'khosi. Nyangaimodzi anawerama n'kusuzumira, ndipo anaona kamutuko katalowa m'mimba mwa khanda, khandalo likuphwa pang'onopang'ono.

"Bwerani kuno muone!" anakuwa. "Akudya ana! Bwerani kutsogolo kuno!"

Mzere sunasunthe. Mlezi wina, amene anali wachitatu kuchokera pa uchi, anayankha kuti, "Ndikachoka pano, malo anga andisungira ndani?"

"Khanda ili ndiwe unalisambitsa dzulo!"

"Ndibwera, madala. Ndingonyambitako kaye."

Pamene ananyambita, khanda linali litatha.

Nyangaimodzi anakokera kakhunguko kubwalo, pamaso pa Mayi Wamkulu, ndipo anayankhula mokalipa monga mwa chizolowezi chake. Mayi Wamkulu anaitanitsa Mbozi, amene tsopano ankafunika nyerere zingapo kuti zimunyamule. Mbozi anangoyamba kulira.

"Ndimangowapsompsona abale anga, amayi. Madala awa sanandikonde chibwerere, chifukwa ndine wamasiye. Ndipo ine ndikalira chonchi, uchi umauma."

Bwalo lonse linachita mantha. Si za makanda ayi. Nyerere zinathamangira kukamupukuta misozi, zina kumusisita pamsana kuona ngati uchi waumadi.

Chinyambita anaimirira. "Amayi, ine ndingofunsa. Amalowa m'chipinda cha makanda tsiku lililonse ndani? Amapezeka ndi timakungu m'kamwa ndani? Amatitaya kudzala kuti tisaoneke ndani? Mwanayu fungo lake ndi lathu, alonda anatsimikiza. Koma akuluwa chidukireni nyanga, mtima wawo sunakhalenso pamalo."

"Nyanga imeneyo inaduka iwe utabisala kuseri kwa mazira," anatero Nyangaimodzi.

"Mwamva? Zakale zomwezo. Nkhani iliyonse amaikokera ku nkhondo yawo ija."

Mayi Wamkulu anagamula kuti Nyangaimodzi asadzapondenso m'chipinda cha makanda, ndipo azikagona kudzala, kunja kwa mwala. Anawonjezera kuti apepese kwa mwana. Iye sanapepese, ndipo zimenezo anaziwerengera pa milandu yake.

Koma wosesa amadziwa njira zimene eni nyumba sazidziwa. Panali kampata kakang'ono kotulutsira nyansi, kochokera m'chipinda cha makanda kukafika kudzala. Nyangaimodzi anakumba kachipinda pansi pa mizu ya udzu, ndipo masana aliwonse, mudzi wonse uli pamzere, ankalowera pampatapo n'kutulutsa khanda limodzi. Anachita zimenezi mpaka anasonkhanitsa kamulu ndithu.

Anawalera yekha ndi miyendo yake yokalambayo. Ankawasakira ntchentche zakufa ndi timadzi ta nsabwe za m'maudzu, dzuwa likatuluka n'kuwakwezera pofunda, mvula ikagwa n'kutseka pakhomo ndi thupi lake. Ndipo ankawadyetsa akudandaula. "Mukadzakula mudzandiseka ngati enawa, ndikudziwa. Mudzati madala aja anali amisala. Yasamula, iwe, idya."

Mvula inatha, udzu unauma, chisanu chinafika. M'mawa udzu unkadzuka utayera, ndipo ngakhale mbidzi zinkatsikira m'zigwa. Kukazizira chotere Mayi Wamkulu ankasiya kuikira mazira, choncho m'chipinda cha makanda munangotsala Mbozi, atadzaza pakati ngati thumba la chimanga. Uchi unayamba kuchepa, kenako unasiyiratu, ndipo nyerere zinkanyambita msana wouma chifukwa cha chizolowezi.

"Mwanawe, chavuta n'chiyani?" anafunsa Chinyambita, lilime litachita ming'alu ndi ludzu.

"Ndasungulumwa, amalume. Abale anga amene ankandifunditsa kulibe. Koma mphepo ikalowera pa kampata ako, ndimamva fungo la makanda."

Chinyambita, amene sanapezepo chakudya cha mudzi n'kufika nacho chathunthu, tsiku limenelo anagwira ntchito ngati nyerere yeniyeni. Analowa pampatapo, anatulukira kudzala, ananunkhiza mizu yonse, mpaka anapeza kachipinda kaja. Makanda anali onenepa, ena atatsala pang'ono kusanduka nyerere. Anathamanga akukuwa, "Mbava! Ana athu aja apezeka! Madala ndi amene ankaba!"

Alonda anabwera onse. Nyangaimodzi anaima pakhomo pa kachipindako monga anaimira chaka cha linthumbu, koma tsopano odzalandawo anali a fungo lake lomwe, ndipo nsagwada zake zinakana kuwaluma. Ndiye anachita chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anagwada.

"Ana anga, ndimenyeni. Dulani nyanga yotsalayi, ndikupatsani. Koma awa asiyeni kuno. Ndi okhawa atsala, ndipo masiku ochepa ayamba kuyenda. Mukawapititsa kuja, mwawapititsa m'kamwa."

"Madala," anatero mkulu wa alonda, "lamulo likuti makanda amagona m'chipinda cha makanda. Kodi pano ndi chipinda cha makanda?"

"Ndiye mmodzi wa inu akaime kumutu kwa Mbozi. Mmodzi yekha. Tsiku limodzi."

"Ntchito yathu ndi ya pakhomo. Za m'chipinda n'za alezi."

Anamukankhira pambali n'kunyamula makanda aja mmodzimmodzi. Anapanga mdipiti, akuimba nyimbo yothokoza kuti ana otayika abwerera kwawo. Mayi Wamkulu anayamikira Chinyambita pamaso pa onse, ndipo makanda anawaunjika bwinobwino mozungulira Mbozi kuti asasungulumwenso. Uchi unatuluka masiku asanu. Pasanathe sabata chipinda chinali mbee, chosafuna wosesa.

"Ana aja ali kuti?" anafunsa Mayi Wamkulu.

"Chisanu, amayi," anatero Mbozi. "Madala aja anawazizidwitsa kudzala kuja. Ndinayesetsa kuwafungatira."

Onse anavomereza kuti chinali chisanu. Kunali kosavuta kuvomereza chisanu, chifukwa chisanu sichinalowe m'mudzi chonyamulidwa ndi munthu.

Kenako Mbozi ananena kuti thupi likumulemera, akufuna kugona. Anakwawira m'chipinda chapafupi ndi khomo, ndipo khungu lake linauma n'kusanduka chigoba. Mayi Wamkulu analengeza kuti mwanayo akukonzeka kukhala msilikali. "Mwaona kukula kwake? Akadzatuluka, yekhayo adzaposa makanda onse amene tinataya. Linthumbu lidzathawa pongomuona." Nyerere zinalondera chigobacho mosinthana, kuchipukuta ndi kuchinong'oneza mawu okoma, njala ili pakati pawo, antchito okalamba akufa mmodzimmodzi popanda wolowa m'malo.

Mwezi wa Okutobala moto unadutsa. Mapiri anada bii, kenako msipu unayamba kutuluka, ndipo timaluwa tija tinaphukanso pa lupsa. M'mawa wina dzuwa litangotenthetsa mwala, chigoba chinang'ambika. Munatuluka chinthu cha miyendo italiitali, chaubweya thupi lonse, mapiko onyowa atakwinyika pamsana ngati nsalu yochapa kumene.

Alonda anachigunda ndi tinyanga. Fungo la mudzi panalibe, linali litatsalira m'chigoba. "Mlendo!" anakuwa mkulu wa alonda. "Mlendo walowa, wadya msilikali wathu! Taonani, wangosiya khungu!"

Anachilumphira onse. Koma ubweya uja unali wosalimba dala, ndipo aliyense woluma ankangotsala ndi fumbi lodzaza m'kamwa ndi pa tinyanga. Ena anayamba kutsokomola, ena kulumana okhaokha poti sankamvanso fungo. Chinthucho chinangowapondaponda n'kutuluka pakhomo. Otsalawo anazungulira chigoba chopanda kanthu n'kuyamba maliro a Mbozi, Chinyambita akulira mokweza kuposa onse, monga malume.

Kunja, Gulugufe watsopanoyo anakwera phesi la udzu wopsa limene linali pafupi ndi dzala, n'kulendewera kuti mapiko awongoke. Nyangaimodzi anali pomwepo, akuwotha dzuwa. Anaona mapikowo akufutukuka pang'onopang'ono, kunsi otuwa a timadontho takuda, pamwamba abuluu ngati thambo la mwezi umenewo.

"Wakula, mphwanga," anatero.

Gulugufe anayang'ana pansi. "Pepani bambo, tinaonanapo?"

"Ndine ndinkasesa makungu a chakudya chako."

"Ayi, mwandisokoneza ndi wina. Ife akwathu timangomwa timadzi ta maluwa basi. Za m'maenje sitizidziwa. Mwawaona mapikowa?"

"Ndinawaona pa mayi ako. Nawonso anandifunsa chomwecho."

Nyangaimodzi anayamba kukwera phesi lija. Miyendo inali yolema, phesi linali loterera ndi mwaye, ndipo ankakwera pang'ono n'kutsetsereka. Gulugufe ankangomuyang'ana, akukupiza mapiko kuti aume, wosatekeseka konse.

"Fulumirani bambo, ngati muli ndi mawu. Anzanga akundidikira kuphiri."

Pamene nkhalambayo inafika pamwamba n'kuyasamula nsagwada, phesi linagwedezeka, Gulugufe n'kunyamuka. Nyangaimodzi anatsala ndi kafumbi kabuluu pamphumi. Pa makanda onse aja, chimene mudzi unapindula ndi kafumbi kameneko. Masana a tsiku lomwelo Gulugufe anali kale pansonga ya phiri, akuthamangitsana ndi anzake, ntchito ya amuna akwawo.

Nyangaimodzi anatsika n'kukalowa pamaliro paja. Anawaonetsa fumbi la pamphumi pake, anawaonetsa fumbi la m'kamwa mwawo, anawalozera chigoba chimene chinang'ambika kuchokera m'kati. Nthawi imeneyi uchi kunalibe woti uwatseke makutu, choncho anamva. Maliro anatha mwakachetechete.

Woyamba kuyankhula anali Chinyambita. "Komano madala, ngati munkadziwa zonsezi, bwanji simunanene momveka?"

"Ndinakuwa."

"N'chimenecho," anatero Mayi Wamkulu. "Munkakuwa. Mukanabwera mwaulemu, n'kufotokoza bwinobwino, bwenzi titamva. Ana anga atha chifukwa cha kayankhulidwe kanu."

Bwalo linakhala pansi tsiku lonse kuti zoterezi zisadzachitikenso. Ena anati alonda achotsedwe, koma alonda ndi amene anali ambiri pabwalopo. Wina anati Nyangaimodzi abwezeredwe pakhomo, koma anamukumbutsa kuti mlonda wa nyanga imodzi amamva theka la fungo. Pomaliza anagwirizana zokhwimitsa lamulo la makolo: kuyambira tsiku limenelo, mlendo aliyense azinunkhizidwa kawiri.

Kunja kutafunda Mayi Wamkulu anaikiranso mazira ochepa, monga mmene thupi lanjala likanathera. Mudzi unali utatsala nyerere zowerengeka, zokalamba, ndipo chiyembekezo chonse chinali pa timazira timeneto. Timaluwa ta pa lupsa titayamba kufota, Nyangaimodzi anamva phokoso panjira. Anali Chinyambita, akuthamanga, atanyamula kanthu kofiirira, kophwatalala.

Alonda anakagunda ndi tinyanga kumutu, pamimba ndi kumchira. "Ndi wathu," anatero mkulu wa alonda. Kenako anakumbukira lamulo latsopano, anakagundanso kachiwiri mosamala kwambiri. "Ndi wathu ndithu."

"Uyu ndi wina, madala," anatero Chinyambita asanafunsidwe. "Uyu ndi wofatsa. Woyamba uja ndinamukayikira kuyambira tsiku loyamba."

Kanthu kaja kanadzutsa mutu n'kuyang'ana Nyangaimodzi. "Moni amalume. Ndine wamasiye."

Nyangaimodzi anakumbukira kuti anamudzudzula za kayankhulidwe, choncho anayankhula motsitsa, mwaulemu wonse. "Lowani naye, mabwana. Koma mumuuze adye pang'onopang'ono. Mwatsala ochepa." Atatero anatula nyansi zimene ananyamula pakhomo pomwepo, n'kulowa mumsipu, ndipo palibe anamuonanso.

Mbozi wachiwiriyo anamaliza timazira tija mvula isanakhazikike. Atasowa chakudya anafa ndi njala, ndipo omusungawo anamutsatira mmodzimmodzi, Chinyambita akunyambitabe msana wa mtembo. Mayi Wamkulu anatsala yekha m'chipinda chapansi, akuitana womutembenuza, ndipo sipanabwere aliyense.

Mwalawo ulipobe. Mukautembenuza mudzapeza tinjira topanda woyendamo. Koma kwerani pansonga ya phiri moto ukadutsa, dzuwa lili pamutu, mudzawapeza agulugufe abuluu akuthamangitsana, oyera ngati sanapondepo pansi. Alendo amachokera kutali ndi magalimoto, amagwada mumsipu ndi makamera awo, n'kumanong'onezana za kukongola. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti mapiko amenewa analeredwa ndi ana a yani.

Phunziro: Mlendo akamakudyetsani zotsekemera, chokani pamzere mupite kutsogolo mukaone chimene iye akudya. Ndipo amene anavulala pokutetezani akakuuzani kuti waona chinthu, dzukani mukaone, ngakhale akunena mokalipa, chifukwa amene mukumulera ndi moyo wa ana anu, tsiku lomera mapiko sadzakudziwani.